Khomo la Pakati pa Biyo

Mutu Wachisanu

1. Malo a mbumba

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho idapeza anthu a m'mbali mwa nyanja ya Amaramba asanamalize kufolera nyumba zawo. Ambiri mwa iwo adali atangobwera kumene kuchokera ku Malawi, kumene adathawira nkhondo. Minda adaipeza itasanduka thengo, zitsime zitakwiririka, mitengo itamera m'kati mwa mabwinja. Chimanga cha thandizo chimene adalandira pobwera chidali chitatha, pamene cha m'munda chidali chisanafike ndi m'mawondo momwe.

Yasini adachoka m'mudzimo ali kamwana kosadziwa kugwira nkhafi, ndipo adabwerera ali mnyamata wamtali kuposa amayi ake. Bambo ake adatsala m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo. Tsono pakhomo padali iye, amayi ake a Mwanahawa, ndi mlongo wake wamng'ono, Esha, amene ankadwaladwala.

Chinthu chimodzi chokha chimene nkhondo sidawalande chidali malo awo pa biyo.

Biyo ndi mpanda wa nsichi ndi bango umene asodzi amamanga modutsa mtsinje, kuchokera tsidya lino kukafika tsidya linalo. M'mpandamo amasiya mabowo, ndipo pa bowo lililonse amatcherapo mono, msampha woluka ndi nsungwi umene nsomba ikalowa situlukanso.

Biyo la pamtsinje wa Namasupa, pafupi ndi pamene mtsinjewo umathira m'nyanja, lidali logawidwa kuyambira kalekale. Mbumba iliyonse idali ndi chigawo chake. Chigawo cha mbumba ya a Mwanahawa chidali chosiririka kuposa zonse, pakuti chidali pafupi ndi pakati pa mtsinje, pamene nsomba zimakonda kudutsa. Kale ankachisamala adali malume ake a Yasini, koma iwo adafa pa nkhondo. Motero udindowo udagwera mnyamatayo, pamodzi ndi bwato lakale la malemuwo.

Pakati penipeni pa biyo sankatchingapo. Ankasiya mpata woti bwato n'kudutsa, ndipo mpatawo ankautcha khomo.

2. Mawu a Che Salimu

Amene ankazika nsichi yoyamba chaka chilichonse adali Che Salimu, msodzi wokalamba amene sadathawe nkhondo koma adabisala m'mabango a nyanjayo mpaka mtendere. Tsiku lomaliza kumanga biyo, iwo adakhala pa tsinde la mkuyu naitana Yasini.

Mnyamatayo adafika naima chilili, manja ali m'matumba, monga adazolowera kumsasa. Che Salimu adangoyang'ana manjawo mpaka Yasini adazindikira kulakwa kwake, nawatulutsa, nanjuta pansi. Pamenepo m'pamene mkuluyo adatsegula pakamwa.

"Mwana wa Mwanahawa, chigawo chako chagundana ndi khomo. Choncho kusunga khomo kuli pa iwe kuposa wina aliyense pano. Tchera khutu, chifukwa sindibwereza.

"Mvula ikagwa kumapiri, madzi a mtsinje uno amafiira. Nsomba za m'nyanja zikamva madzi ofiirawo zimakwera. Milamba imakwera, matemba amakwera. Sizikwera kudzasewera ayi. Zimapita kumadambo a kumtunda kukaikira mazira m'udzu womizidwa, kumene ana awo angakule osadyedwa. Zodutsa m'mbali zimalowa m'miono yathu. Zimenezo ndi zathu, tidye. Zodutsa pakhomo si zathu. Zimenezo ndizo zidzabereke nsomba zimene tidzadye chaka chamawa ndi chinacho.

"Ndidaona ndi maso angawa mtsinje wina wa kumwera uko, anthu ake atayamba kutseka khomo. Chaka choyamba adadya mpaka kutaya. Chaka chachiwiri adadya. Lero pita ukaone. M'miono mwawo mumalowa nkhanu ndi achule.

"Nthawi ya nkhondo nyanja ino idapuma, popeza kudalibe anthu. N'chifukwa chake mwaipeza ili ndi nsomba. Koma mwabwera ochuluka kuposa mmene mudapitira, ndipo aliyense ali ndi njala. Nyanja yathu ndi yaing'ono, ndiponso ndi yosaya. Ingathe kutha, mwanawe, monga mmene imathera nkhokwe imene anthu amangotapamo osathiramo.

"Lamulo lake ndi limodzi, ndipo nkhondo sidalisinthe. Wotseka khomo timamuzulira nsichi zake, ndipo mbumba yake sitcheranso mono pamtsinje uno. Wamva?"

"Ndamva, agogo," adatero Yasini.

3. Msuweni wa pa njinga

Mvula idayamba yaleka. Mtsinje sudakwere monga anthu ankayembekezera, ndipo m'miono munkalowa tinsomba towerengeka. Kunyumba kwa a Mwanahawa ankagonera mango aawisi ophika ndi masamba a chinangwa. Esha adaonda mpaka nthiti kuonekera, ndipo ankatsokomola.

M'masiku amenewo kudabwera Norberto, msuweni wa Yasini, mwana wa azakhali ake amene adakwatiwa ku Cuamba. Iyeyu adali msilikali, ndipo nkhondo itatha adabweza yunifolomu nagula njinga. Ankagula nsomba zowamba m'midzi ya kunyanja n'kukagulitsa ku Mandimba ndi ku Cuamba.

Adalowa pabwalo osaodira. Adakhala pampando asanauzidwe, napereka moni kwa a Mwanahawa chipewa chili kumutu. Mayiwo adaona zonsezo koma sadamudzudzule, popeza mlendoyo adali atabweretsa kaufa m'kathumba ndi mchere pang'ono.

Masana anyamata awiriwo adapita kumtsinje. Madzi adali atayamba kusintha mtundu, ndipo pakhomo pankaoneka misana yakuda ya milamba ikudutsa umodzi ndi umodzi. Norberto adayang'ana kanthawi, kenaka adaseka.

"Primu," adatero, pakuti ankakonda kuitana msuweni wake m'Chipwitikizi, "iwe ndiwe msodzi kapena mlonda wa nsomba? Zikudutsa pamphuno pako zikukupatsa moni, iwe n'kumayankha kuti muyende bwino."

"Ndiwe wa kumtunda, sungadziwe," adayankha Yasini. "Iwe nsomba umaidziwa ikakhala youma."

"Youmayo ndiyo imagula ufa."

Yasini adamufotokozera za lamulo la khomo ndi chilango chake. Norberto adamvetsera akutokosa m'mano ndi kaudzu. Kenaka adati lamulo limenelo ndi la okalamba amene adadya kale nsomba zawo ali ndi mano. Adati ku Mandimba anthu akulimbirana nsomba, ndipo amalonda ochokera ku Malawi amagula dengu lonse lisanatsitsidwe panjinga. Adalonjeza kuti Yasini akadzaza madengu, iye adzabweretsa thumba la ufa ndi mankhwala a chifuwa cha Esha.

"Sindikunena za chaka chonse," adatero. "Masana amodzi okha. Lachisanu amuna onse amakhala kumzikiti. Utseke akalowa, utsegule asanatuluke. Nyanja yonseyi ingathe chifukwa cha masana amodzi? Loweruka ndibwera ndi mnzanga, njinga ziwiri."

Yasini sadavomere. Koma sadakanenso, ndipo sadanyamuke kuchoka pamenepo monga mwana woleredwa bwino amachitira akamva zoipa. Adakhalabe, maso ali pamadzi.

Norberto atapita, Yasini adayamba kumweta bango ndi kusenda luzi. A Mwanahawa adaona kuti bangolo lachuluka kuposa lofunika pokonza chigawo chimodzi. Adamuitana, namuuza kuti akhale pansi.

"Sindikufunsa kuti bangoli ndi la chiyani," adatero, "chifukwa sindifuna kuti undinamize. Koma ndikuuze ichi. Malo aja pa biyo si ako. Iwe wangowagwirizira, monga adawagwirizira malume ako. Ndi a Esha ndi ana amene adzabereke. Bambo ako tidawasiya kwa eni. Mbuzi zathu adadya asilikali. Nyumba ino tamanga pa phulusa. Chimene chatsala choti tinene kuti ichi ndi chathu ndi malo amenewo basi. Njala iyi ndaiona ine ndisanakubereke, ndipo imatha chimanga chikacha. Koma munthu akachotsedwa pa biyo, chimanga chingache kangati, sabwererapo. Msuweni wako ali ndi njinga. Zinthu zikaipa adzakwera n'kumapita. Iwe udzapita kuti?"

Yasini adayankha kuti bangolo ndi lokonzera mpanda wa bafa. Amayi ake adamuyang'ana, nabwerera kumtondo kwawo.

4. Lachisanu

Kumapiri kudagwa mvula yamphamvu, ndipo pofika Lachisanu m'mawa mtsinje wa Namasupa udali wofiira ngati katondo. Amuna adavuula miono yawo msanga, nabwerera kukasamba. Dzuwa litafika pamutu adavala mikanjo yawo napita kumzikiti wawo waudzu.

Yasini adauza amayi ake kuti m'mimba mukumupweteka. Esha adali atagona pamphasa, thupi likutentha. Mnyamatayo adamuyang'ana pang'ono, natuluka chakuseri kwa nyumba.

Kumtsinje kudalibe munthu. Adalowa m'madzi ofika m'chiuno, nazika nsichi zatsopano pakhomo, namangirira bango limene adaluka mobisa. Pakati adasiya bowo limodzi, natcherapo mono waukulu kuposa yonse imene adali nayo.

Sipadapite nthawi. Nsomba zimene zinkakwera zidapeza njira yatsekedwa, ndipo zidaunjikana kunsi kwa biyo mpaka madzi kuchita ngati akuwira. Mono udadzaza moti Yasini adalephera kuunyamula. Adaukokera kubwato nakhuthula. Adautcheranso, ndipo udadzazanso.

Milambayo idali ndi mimba zotupa. Akaiponda m'bwatomo, mazira ankatuluka n'kumamatira kumapazi ake. Matemba nawo adali chimodzimodzi. Yasini adaona zimenezo, natsuka mapazi, napitiriza.

Bwato litadzaza adapalasa kupita nazo kugombe la kunsi kwa nyumba yawo, kumene kudali thandala lakale loyanikira nsomba. Adakhuthula, nafunditsa udzu, nabwerera.

Nthawi yotsegula khomo idali itakwana. Iye ankadziwa kuti mapemphero ali pafupi kutha. Koma mono udali utadzazanso, ndipo adati akhuthule kamodzi kokha komaliza. Atakhuthula, adatinso kamodzi kena.

Kenaka kumwamba kudada, ndipo mvula idayamba kugwa ngati ikuthiridwa ndi ndowa. Madzi adakwera kufika m'chifuwa. Yasini adagwira luzi kuti amasule, koma lidali litafufuma ndi madzi, mfundo zake zitalimba ngati mwala. Mpeni adali atauiwala pathandala. Adayesa kuzula nsichi, koma udzu ndi zinyalala zochokera kumtunda zidali zitayamba kale kukanikiza mpandawo. Chipika chidamugunda m'nthiti, madzi nalowa m'kamwa. Adakwawira kumtunda akutsokomola, nakokera bwato kugombe la kwawo, nasiya khomo lili chitsekere.

Chifukwa cha mvulayo, palibe munthu adapitanso kumtsinje tsiku limenelo.

Adafika kunyumba atanyamula milamba iwiri. A Mwanahawa adatumbula umodzi, naona mazira, naleka mpeni uli m'manja. Esha adamva fungo la nsomba nayamba kulira kuti apatsidwe. Mayiwo adaphika, nadyetsa mwanayo. Iwo sadalawe.

5. Biyo lipita

Mvula idagwa mpaka kucha. M'mawa anthu adamva phokoso lochokera kumtsinje, ngati la mtengo waukulu ukugwa. Adathamangira komweko.

Zimene zidachitika ndi izi. Madzi osefukira amabwera ndi zipika, nthambi ndi milu ya udzu. Zaka zonse zinthu zimenezi zinkatulukira pakhomo, biyo n'kukhala chiimire. Tsopano zidasowa podutsa. Zidaunjikana, madzi nakwera kumbuyo kwake mpaka kusefukira m'mbali, ndipo pomaliza mpanda wonse udagonja. Nsichi, bango ndi miono ya mudzi wonse zidakokoloka kupita m'nyanja.

Anthu adaima pagombe. Pakati pawo padali a Maliko, bambo wa ana ambiri, amene adasinthanitsa bulangete la banja lonse ndi nsungwi zolukira miono yawo. Iwo adakhala pansi m'matope momwemo, nagwira mutu.

Che Salimu adayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje. Adayang'ana pamene padali khomo, nayang'ana zinyalala zimene zidakodwa m'mitengo, nabwerera kwawo.

Norberto sadabwere. Msewu wa ku Mandimba udali utasanduka phala, ndipo ngakhale njinga sikadadutsa. Yasini adayesa kusonkha moto kuti awambe nsomba zake, koma nkhuni zonse zidali zonyowa. Dzuwa loyanikira kudalibe. Mchere umene msuweni wake adabweretsa sukadakwanira ngakhale dengu limodzi.

Mulu wa nsomba uja udayamba kununkha. Ntchentche zobiriwira zidadzaza pathandala, ndipo akhwangwala adayamba kuzungulira pamwamba. Fungolo lidafika m'nyumba zoyandikana. Palibe amene adafunsa, koma akazi akakumana ndi a Mwanahawa panjira ya kuchitsime ankapereka moni maso ali kumbali.

Mvula itakata, a Mwanahawa adavala nsalu yawo yabwino, namanga mpango kumutu.

"Nyamuka," adatero. "Ukanene wekha asanakuitane."

6. Chigamulo

Asodzi onse adasonkhana pa mkuyu uja. Yasini adavula chisoti, nagwada patsogolo pa Che Salimu. Amayi ake adakhala chapambali pamodzi ndi akazi anzawo.

Mnyamatayo adanena zonse mwachidule: kuti adajomba kumzikiti, kuti adatseka khomo, ndi kuti adalephera kulitsegula. A Maliko adafunsa ngati padali wina amene adamutuma, popeza onse adaona mlendo wa njinga uja. Yasini adayankha kuti nsichi adazika yekha ndi manja ake. Adawonjezera kuti sankadziwa kuti biyo lingagwe.

Kenaka Che Salimu adayankhula.

"Wati sunkadziwa kuti biyo lingagwe. Ndikukhulupirira. Mwana aliyense wokulira pano amaona zipika zikudutsa pakhomo asanaphunzire n'kusambira komwe, ndipo safunika kuuzidwa. Iwe wakulira kumsasa, kumene madzi umawadziwa a pampopi. Zimenezo si mlandu wako. Koma za mazira ndidakuuza. Za lamulo ndidakuuza. Udayankha kuti wamva.

"Mwina ukuganiza kuti popeza biyo lapita, nsomba zotsala zadutsa bwino, ndiye kuti nyanja sidaluze kanthu. Pita kudambo ukaone. Anthu awa alibe miono, ndipo kuluka ina kumatenga nthawi imene njala siyembekeza. Akazi ayamba kale kukoka zitenje m'udzu mmene nsomba zimaswera. Akugwira tiana tosakwana n'chala chomwe, todzaza mphika koma osakhutitsa munthu. Ndingawaletse bwanji, ana awo akulira? Iwe udapha amayi pakhomo, ndipo chifukwa cha iwe tikupha ndi ana omwe kudambo. Chaka chamawa tidzazika biyo, tidzatchera miono, ndipo tidzayembekeza nsomba zimene zawolera kuseri kwa nyumba yanu.

"Njala uli nayo, tikudziwa. Mlongo wako akudwala, tikudziwa. Kodi mwa anthu akhala apawa, ndani alibe wodwala? Aliyense ankaona milamba ikudutsa pakhomo. Aliyense ankameza malovu n'kubwerera kwawo. Ukadabwera kudzanena kuti kwathu zavuta, tikadatapa m'miono yathu, wina iwiri, wina itatu, monga timachitira. Koma udasankha kumvera munthu amene sadazikepo nsichi ngakhale imodzi pamtsinje uno.

"Lamulo likuti tikuzulire nsichi. Madzi azula kale, ife tingotsimikiza. Tikamanganso biyo, chigawo cha mbumba yanu chigawidwa kwa oyandikana nacho."

A Mwanahawa adayenda chogwada mpaka kufika pafupi. Adaomba m'manja mwaulemu, napempha kuti alangidwe mnyamatayo yekha, koma malowo asungidwire Esha, amene sadalakwe kanthu.

Che Salimu adawayang'ana ndi chisoni, koma mawu awo sadafewe.

"Mayi, ndikasintha lero chifukwa cha inu, chaka chamawa khomo lidzatsekedwa ndi anthu asanu, aliyense ali ndi mlongo wosalakwa. Esha akadzakhala ndi mwana wodziwa kupalasa, adzabwere adzapemphe. Amene adzakhale ndi moyo nthawi imeneyo adzamuyankha. Ine sindidzakhalapo."

Adalamulanso kuti Yasini akwirire yekha nsomba zowolazo lisanalowe dzuwa, matenda asanagwe m'mudzi. Anthu adabalalika. A Mwanahawa adanyamuka napita kwawo osayembekeza mwana wawo.

7. Thumba la Norberto

Yasini adakumba dzenje pafupi ndi gombe, pamene adakocheza bwato lake. Adamanga kansalu kumphuno, nayamba kukankhira nsombazo m'dzenjemo ndi khasu. Zina zidali zitasungunuka kale, mphutsi zili nyakanyaka. Ana a m'mudzimo adaima patali kuonerera, mpaka amayi awo adawaitana.

Ali pakati pa ntchitoyo adamva belu la njinga. Adali Norberto, akukankha njinga yake, matope ali mpaka m'mawondo. Mnzake uja padalibe. Ufa padalibe, mankhwala padalibenso.

Adayang'ana m'dzenjemo, nagwira mphuno.

"Primu, wachita kufesa? Zikamera undiuze."

Yasini sadaseke. Adamuuza kuti biyo lapita, ndipo malo a mbumba yawo alandidwa. Adafunsa za mankhwala a Esha. Norberto adayankha kuti mvula sadagwetse ndiye, ndipo munthu sangabweretse ufa popanda nsomba zokagulitsa. Adanena zimenezo mopepuka, ngati akunena za nyengo.

"Koma usadandaule," adatero, akuyang'ana uku ndi uku. "Akuchotsa pa mpanda wa bango, basi. Nyanja sadakuchotsepo. Pali njira ina yosafuna biyo, yosafuna mono, yosafunanso chilolezo cha agogo ako aja."

Adamasula thumba limene lidali pakaliyala. M'katimo mudali chinthu chokulungidwa m'malaya akale a usilikali. Adafunyulula pang'ono. Chidali chitsulo chobulungira, chachikulu ngati chipatso chaching'ono cha mango, chokhala ndi kamphete pamwamba. Yasini adachidziwa. Kumsasa, asananyamuke, adawaonetsa zithunzi za zinthu zotere, nawachenjeza kuti akadzaziona asadzazikhudze. Lidali bomba loponya ndi manja.

"Si zonse tidabweza," adatero Norberto. "Ili likagwa m'madzi, nsomba zimabwera zokha pamwamba, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Iwe n'kumangotola. Dzuwa latuluka, msewu uuma, nthawi ino sizingawole. Ine kupalasa sindidziwa, bwato ndilibe. Iwe bwato uli nalo, malo ulibe. Ukufuna mlongo wako adikire chimanga?"

Yasini adati achotse chinthucho. Koma adanena motsitsa mawu, maso ali pansi.

Norberto adakulunganso bombalo, natsikira kugombe, naliika m'bwato la Yasini, pansi pa udzu wa kutsogolo.

"Ndisungire. Pamsewu pali apolisi, sindingayende nalo. Ndikapeza madengu ndibwera."

Adakwera njinga yake, naliza belu, napita osatsanzika kwa eni mudzi.

Yasini adatsala ataima pakati pa dzenje ndi bwato, khasu lili m'manja. Kumtunda, pakhomo pa nyumba, padaima a Mwanahawa atabereka Esha kumbuyo. Adali ataona njingayo ikubwera, ndipo adaionanso ikupita.

"Yasini," adaitana, "msuweni wako wasiya chiyani m'bwatomo?"